Ghostscript: pulogalamu yoyanjanitsa masamba osanjidwa ndi mapulinta osiyanasiyana

Aliyense amene amasanja zolemba pakompyuta muno mu Blantyre, kaya ndi mapepala a mayeso a masamu, timabuku ta nyimbo za kumpingo kapena pulogalamu ya ukwati, amadziwa kuti ntchito sithera pa kompyuta yake. Fayilo imaikidwa pa fulashi n'kupita nayo kumalo osindikizira a ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena pafupi ndi sukulu za ukachenjede ku Chichiri, ndipo kumeneko imakumana ndi makina amene wosanjayo sanawaonepo. Tsamba limene linali laudongo limatuluka litadulidwa m'munsi, zilembo zitasintha maonekedwe, mwinanso makinawo amangokhala chete osatulutsa kanthu. Ghostscript ndi pulogalamu imene imagwira ntchito pakati pa fayilo ndi pulinta, ndipo ine, amene ndimasanja mayeso ndi timabuku pogwiritsa ntchito LaTeX, pulogalamu yosanjira zolemba, ndikuiona kuti ndi yoyenera kupezeka pamalo aliwonse osindikizira, ngakhale kuti ili ndi zovuta zimene sindizibisa.

Gwero la vutoli ndi lakuti mapulinta samva chilankhulo chimodzi. Kampani ya Adobe inatulutsa PostScript mu 1984, ndipo chilankhulochi chinafala kwambiri pamene Apple inachiika mu pulinta yake ya LaserWriter mu 1985. Hewlett-Packard nayo inali ndi chake chotchedwa PCL, chimene mapulinta ambiri a m'maofesi amamva mpaka lero. PDF inabwera mu 1993. Mbali ya osanja zolemba nayo ili ndi zake: TeX, maziko a LaTeX, imene Donald Knuth anayamba kuilemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, inkatulutsa fayilo ya DVI imene sinakonzedwere pulinta ina iliyonse, moti pankafunika pulogalamu ina, monga dvips ya Tomas Rokicki, yoisandutsa PostScript. Ghostscript, imene L. Peter Deutsch anaitulutsa koyamba mu 1988 ndipo masiku ano imasamalidwa ndi kampani ya Artifex Software, imawerenga PostScript ndi PDF, n'kulembanso tsambalo m'chilankhulo chimene mwaiuza. Mukasankha pxlmono mupeza PCL ya pulinta yakuda yokha, ps2write ikupatsani PostScript, pdfwrite ikupatsani PDF yatsopano, pamene tiffg4 ndi png16m zimasandutsa tsambalo chithunzi. Ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa, chifukwa pa makompyuta ambiri a Linux imabwera limodzi ndi CUPS, imene imayendetsa zosindikiza.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi nkhani ya mafonti, kutanthauza maonekedwe a zilembo. Fayilo ya PDF ikhoza kungotchula dzina la fonti popanda kuinyamula, ndipo kompyuta ya kumalo osindikizira ikapanda kukhala ndi fontiyo imaikapo ina imene yapeza. Zotsatira zake n'zakuti mizere imasuntha, zizindikiro za masamu zimasokonekera, ndipo chilembo cha ŵ, chimene timachiona mu dzina lakuti Malaŵi ndi m'zolemba zambiri za Chichewa ndi Chitumbuka, chimatha kutuluka ngati kabokosi kopanda kanthu, chifukwa si mafonti onse amene ali nacho. Pa kabuku ka nyimbo kapena pulogalamu ya maliro, pamene dzina la munthu liyenera kulembedwa mwaulemu ndi molondola, cholakwika chotere chimapweteka mtima. Ghostscript imatha kulowetsa mafonti onse mu fayilo, ndipo mukawonjezera lamulo la -dNoOutputFonts imasandutsa chilembo chilichonse kukhala chojambula, moti pulinta siifunanso fonti ina iliyonse. Njira yachiwiriyi imakulitsa fayilo ndipo mawu ake sasakikanso, koma pa ntchito yopita kukasindikizidwa basi, ndi njira yodalirika. Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri amaiphonya: pulogalamuyi singalowetse fonti imene ilibe, ikaisowa nayonso imaikapo ina. Choncho ntchitoyi iyenera kuchitika pa kompyuta ya wosanja, pamene mafonti ali, fayilo isananyamuke. Amene akadagwiritsabe ntchito dvips azikumbukira kulemba -Ppdf kuti zilembo zikhale za mizere yosalala, osati za timadontho timene tinakonzedwera pulinta imodzi.

Nkhani ya kukula kwa pepala ndi yaifupi koma imawononga mapepala ambiri. Kuno timagwiritsa ntchito A4, ya mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pomwe LaTeX ndi mapulogalamu ena ochokera ku America amayambira pa Letter, ya 216 ndi 279. Malamulo a -sPAPERSIZE=a4, -dFIXEDMEDIA ndi -dPDFFitPage amakwanitsa tsamba lililonse pa A4, ndipo vuto la mizere yodulidwa limathera pomwepo.

Kwa eni malo osindikizira, chida chimene chingawapindulitse msanga ndi inkcov. Chimayendera fayilo yonse n'kulemba, tsamba ndi tsamba, gawo la pepala limene inki iliyonse mwa zinayi za pulinta yamitundu (cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda) idzagwerepo. Wophunzira akabwera ndi lipoti la masamba ochuluka limene lili ndi zithunzi zamitundu pa masamba owerengeka okha, mwini malo akhoza kudziwa masamba oyenera kupita ku pulinta yamitundu ndi oyenera kupita ku yakuda, ndipo mtengo umakhala wachilungamo kwa onse awiri. Poganizira mmene tona imadulira, ubwino wake ndi woonekeratu. Ziwerengerozi zimasonyeza malo amene inki yakhudza, osati kuchuluka kwenikweni kwa inkiyo, motero zikhale chitsogozo chabe powerengera mtengo. Pulogalamuyi imachepetsanso kukula kwa fayilo: mukasankha /ebook imatsitsa zithunzi kufika pa madontho 150 pa inchi, zimene zimathandiza potumizira kasitomala kuti aone pa WhatsApp osamuthera bandulo, pamene /printer ndi /prepress zimasiya pa 300. Musapereke kwa osindikiza fayilo yopangidwa ndi /screen, chifukwa pa madontho 72 nkhope za anthu zimatuluka zosaoneka bwino.

Zovuta zake zimayambira pakhomo. Ghostscript ilibe mabatani okongola. Mumalemba malamulo pa zenera lakuda, pa Windows poyamba ndi gswin64c, ndipo zilembo zazikulu ndi zazing'ono ziyenera kukhala mmene zilili. Mukalakwitsa, uthenga umene imatulutsa umakhala wa chilankhulo cha PostScript, wovuta ngakhale kwa munthu wodziwa bwino Chingerezi. Mnyamata kapena mtsikana wogwira ntchito pamalo osindikizira, anthu ali pamzere ndipo magetsi akhoza kuzima nthawi ina iliyonse, alibe mpata wowerenga malangizo ataliatali. Njira imene ndaona kuti imathandiza ndi yakuti munthu mmodzi wodziwa alembe malamulo ofunikawo mu timafayilo ta bat, tosunga malamulo oti Windows iyendetse yokha, kamodzi ka A4, kena ka mafonti, kena ka inkcov, kuti enawo azingokokerapo fayilo ya kasitomala. Ndikanakonda opanga pulogalamuyi akanaganizira okha anthu oterewa.

Vuto lachiwiri ndi lobisika. Pdfwrite sikonza fayilo yanu yakale, imamanga yatsopano kuchokera pa zimene yawerenga, ndiye zina zimatha kusintha kapena kutayika panjira. Izi zimaoneka kwambiri posandutsa mitundu ya pakompyuta kukhala CMYK, inki zinayi zija, yofunika kwa osindikiza ndi mapuleti, puleti imodzi pa inki iliyonse. Mawu akuda amatha kusanduka osakaniza inki zonse zinayi, ndipo mapuleti akangophonyana pang'ono, zilembo zing'onozing'ono zimatuluka ndi mthunzi wamitundu m'mbali. Chida cha tiffsep chimalekanitsa mitunduyo kuti muone puleti iliyonse payokha, ndipo ndikulangiza kuti musalumphe sitepe imeneyi pa ntchito ya makope ambiri. Tsamba limodzi loyesera, losindikizidwa pa makina enieniwo, likufunikabe.

Palinso mapulinta amene Ghostscript payokha singalankhule nawo. Makina ambiri ang'onoang'ono otsika mtengo samva PostScript kapena PCL; amadalira kompyuta kuti ikonze tsamba lonse m'njira ya kampani yawo. HP LaserJet 1020 ndi Canon LBP2900 ndi zitsanzo zodziwika. Mukatumiza fayilo ya pxlmono ku makina oterewa simupeza kanthu. Pa Windows muyenera kudutsira mu driver ya kampaniyo, pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi pulintayo, ndipo pa Linux, LaserJet 1020 imafuna pulogalamu yowonjezera ya foo2zjs, imene imagwira ntchito pamodzi ndi Ghostscript. Amene akufuna kugula pulinta ya bizinesi ayambe wafunsa ngati imamva PCL kapena PostScript, chifukwa yankho lake lidzamupepukitsira ntchito kwa zaka zambiri.

Pa chitetezo, tiyenera kukumbukira kuti PostScript ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndiye fayilo yoipa ikhoza kuyesa kulowerera kompyuta. Kuyambira mtundu wa 9.50 wa mu 2019, chitetezo cha -dSAFER chimayaka chokha, koma zofooka zatsopano zimapezekabe nthawi ndi nthawi, motero malo olandira mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lonse asamakhale ndi mtundu wakale. Pulogalamuyi ndi yaulere pansi pa layisensi ya AGPL, ndipo kuigwiritsa ntchito pokonza mafayilo a makasitomala sikufuna ndalama. Amene akufuna kuiika mu pulogalamu yake yogulitsa osaulula mmene anailembera ndiye ayenera kugula layisensi kwa Artifex.

Kwa munthu amene amasindikiza kalata imodzi mwa apo ndi apo kuchokera mu Word, pulogalamuyi ndi katundu wosafunikira, ndipo kusunga fayilo ngati PDF n'kokwanira. Aphunzitsi osanja mayeso, alembi a mipingo amene amakonza timabuku, ndi eni malo osindikizira amene amalandira mafayilo ochokera m'makompyuta osiyanasiyana ndi amene ndikuwalimbikitsa kuti aiike, ayambe ndi malamulo a mafonti ndi a A4, kenako aphunzire inkcov akazolowera.