Zotero: miyezi isanu ndi itatu ndikulemba nayo kafukufuku wanga

Chaputala changa choyamba chinabwerako chili psuu ndi inki yofiira. Chodabwitsa, mfundo zanga sanazikhudze kwenikweni. Nkhondo yonse inali kumapeto, pamndandanda wa mabuku: apa mpatuliro wasowa, apo chaka chili pamalo polakwika, dzina la jenolo silinapendeketsedwe. Ondiyang'anira anangolemba m'mphepete kuti "APA 7 chonde," kutanthauza malamulo a kalembedwe ka mndandanda wa mabuku omwe ankafuna kuti nditsate. Mnzanga wa m'kalasi atandiona ndikuwerenga mipumiro umodziumodzi anaseka, n'kundiuza za Zotero.

Ndi pulogalamu yaulere yosunga ndi kusanja mabuku omwe mukutchula pakafukufuku, yomwe inayambira ku George Mason University ku America mu 2006. Mumaiika pakompyuta, n'kuwonjezera kachida kake kotchedwa Zotero Connector pa Firefox kapena Chrome. Mukapeza nkhani pa intaneti mumangodina kamodzi, basi mlembi, mutu, chaka ndi masamba zalowa, nthawi zambiri limodzi ndi PDF yake. Buku la m'manja mumalemba nambala yake yolizindikiritsa (ISBN), nkhani ya m'jenolo nambala yakenso (DOI), zina zonse imakazifufuza yokha.

Inandikopa kwambiri mu Word. Ndikamalemba chiganizo ndimaitana bukulo pomwepo, ndipo mndandanda wa kumapeto umadzikonza wokha motsata alifabeti. Ndikachotsa ndime, buku lomwe linatchulidwa m'ndime yokhayo nalonso limachoka. Tsiku lina ndinayesa kusintha kuchoka ku APA kupita ku kalembedwe kena kotchedwa Chicago, ndimangofuna kuona. Mabuku 84 anasintha maonekedwe ndisanamalize n'kuphethira komwe. Ndinakumbukira mausiku aja ndinkachita zimenezi pamanja, mtima unandiwawa pang'ono.

Koma Zotero imaphika zomwe mwaipatsa. Izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Lipoti la World Health Organization ndinalilowetsa ndekha, dzinalo n'kuligawa m'mabokosi awiri ngati la munthu. Pamndandanda panatuluka "Organization, W. H." ndipo ndinapereka choncho osaona. Pambali pa dzina la mlembi pali kabatani kosandutsa mabokosi awiriwo kukhala limodzi, ka mayina a mabungwe, ine sindinkakadziwa. Jenolo ina yomwe ndinkaidalira inkabweretsanso mitu yonse m'zilembo zazikulu, pomwe APA imafuna chilembo chachikulu koyambirira kwa mutu, pambuyo pa koloni (:) ndi pa mayina okha. Mukhoza kuuza Zotero kuti isinthe mutuwo ukhale ngati chiganizo wamba, komabe mayina a mayiko ndi a anthu mubwezeretsa nokha. Panopa buku lililonse ndimaliona bwinobwino nthawi yomwe lalowa, ndisanapite kwina.

Malo aulere osungira mafayilo pa intaneti ndi 300 MB. Kwa ine anadzaza msanga chifukwa cha ma PDF, ndiye ndinangozimitsa zotumiza mafayilo kumeneko. Mndandanda weniweniwo umasungidwabe popanda malire, ndipo ndinayamikira zimenezi laputopu yanga itakana kuyaka sabata yopereka chaputala chachitatu.

Ngati muli ndi mabuku asanu okha a asayimenti ya mawa, musavutike n'kuika pulogalamu yonse. Eni ake omwewo ali ndi ZoteroBib, yomwe imakonza mndandanda wa mabuku pa intaneti popanda kulembetsa. Ine pepala lomaliza ndisanatumize ndimapanga kope lachiwiri n'kudina "Unlink Citations" pakopelo, kabatani kodula kulumikizana kwa pepalalo ndi Zotero, loyambalo ndimalisunga poti ondiyang'anira sachedwa kupempha buku lina.