Ulendo wa pa sitima ngati mphatso kwa agogo: zomwe ndinaona

Agogo anga aamuna, omwe amakhala kufupi ndi Chipoka, anakula akumva kulira kwa sitima, chifukwa njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935 iwo asanabadwe, ndipo ali mnyamata ankakwera sitimayo popita kukagulitsa usipa wouma kummwera. Chaka chino, m'malo mowagulira bulangete monga ndimachitira nthawi yozizira, ndinawapatsa ulendo wa pa sitima wokaona alongo awo ku Limbe, omwe anali asanaonane nawo kwa zaka zambiri.

Sindinawasankhire tsiku. Ndinaika ndalama za tikiti yopita ndi yobwerera mu envulopu, pamodzi ndi za kamba wa pa njira, n'kuwauza kuti, "Agogo, mukadzaona kuti miyendo yapepuka ndipo ntchito ya kumunda yatha, mudzandiuze ndidzakuperekezeni." Munthu wachikulire amadzuka bwino lero, mawa nyamakazi yamugwira, choncho mphatso yomangidwa pa tsiku limodzi imasanduka mtolo, pomwe iyi anaisunga pansi pa pilo kwa milungu 5 osada nayo nkhawa.

Vuto loyamba kwa ife a ku Salima ndi loti sitima zomwe timaona zikudutsa kuno ndi za katundu, ngakhale kuti njanji yathu inapitirira mpaka ku Lilongwe mu 1979. Tinayenera kukwera minibasi pa msewu wa M5 kudzera ku Golomoti mpaka ku Balaka, komwe tinakakwerera sitima ya anthu, ndipo gawo limeneli ndi lomwe linawatopetsa kwambiri agogo, poti anakhala mopanikizana, mawondo atapindika, thumba lili pa miyendo.

Titangolowa m'bogi zinthu zinasintha. Anapeza mpando wa pawindo, anatambasula miyendo, ndipo msana ukayamba kuwawa ankatha kuimirira n'kuyendako pang'ono atagwira mipando, zomwe m'minibasi sizingatheke ngakhale utachonderera bwanji kondakitala. Tikiti ya pa sitima inali yotsika mtengo poyerekeza ndi ya basi pa mtunda womwewo, koma chomwe ndinachiona chamtengo wapatali ndi kufatsa kwa ulendowo. Titafika pa Nkaya, pomwe njanji yopita ku Liwonde ndi ku Nayuchi imapatukira, anayamba kundifotokozera momwe njanji imeneyo inatsegulidwira mu 1970 iwo atangokwatira kumene, ndipo titawoloka mtsinje wa Shire anakhala chete kwa nthawi yaitali akuyang'ana madzi. Pa masiteshoni ang'onoang'ono amayi ankabweretsa nthochi, chinangwa chophika ndi nzimbe pawindo, ndipo agogo anagula nthochi ndi ndalama yawo yomwe, akukana kuti ine ndilipire, poti mphatsoyo inali itakhala kale yawo.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Sitima inanyamuka mochedwa, inaima nthawi yaitali pa malo ena popanda wotifotokozera chifukwa, moti tinadutsa Lirangwe ndi Lunzu kunja kutada. Masitepe okwerera ndi aatali kwa munthu woyendera ndodo, kotero kuti popanda wina womugwira dzanja akhoza kuvulala. Sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, choncho muyenera kufunsiratu pa siteshoni musanachoke kunyumba. Pa chifukwa chimenechi sindingalangize aliyense kutumiza kholo lake lokhalokha, kapena kudalira sitimayi pamene pali tsiku lokaonana ndi dokotala kuchipatala. Mukawerengera mtengo wa mphatsoyi, muwerengeremo tikiti yanu, madzi akumwa, mankhwala awo a tsiku ndi tsiku komanso chofunda cha madzulo, popeza ku Limbe kumazizira kuposa kuno kunyanja.

Agogo anakhala kwa alongo awo milungu 3, ndipo tsiku lobwerera anasankha okha, atandiimbira foni kuti ndikawatenge ndi sitima yomweyo.