MAC filter kapena password yolimba pa WiFi ya pakhomo

Bandulo ikamatha msanga, ambiri, poganiza kuti ena akuwabera WiFi, amathamangira ku MAC filter, njira yololeza zipangizo zosankhidwa zokha kulowa pa WiFi. Mumalowa mu rauta (kabokosi ka WiFi) potsegula 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pa browser, n'kulemba nambala ya MAC (yozindikiritsa chipangizo pa netiweki, osati yoimbira) ya foni iliyonse yololedwa. Vuto lake, nambalayo imayenda poyera, ndipo wodziwa makompyuta akhoza kuikopera pa laputopu yake n'kulowa bwinobwino. Komanso kuyambira Android 10 ndi iOS 14, mafoni amapanga nambala ina pa netiweki iliyonse, moti kulemba mndandandawo kumatopetsa.

Password yolimba pa WPA2 (mtundu wa chitetezo cha WiFi), kapena WPA3 yomwe inabwera mu 2018, imatseka khomo ndipo imabisanso zomwe mukutumiza. Ine ndimasankha imeneyi: zilembo zosachepera 12, osati dzina la mwana kapena chaka chobadwira, ndipo WPS (njira yolumikizira ku WiFi osalemba password) n'kuizimitsa. Aneba akaidziwa passwordyo, mungoisintha. MAC filter ndimaiona yothandiza pongotsekera foni ya mwana nthawi ya mayeso.