Piston kapena DI, ni mfuti iti imakankha phewa kwambiri?

Mkangano uyu tinauyambira ku Mfuwe ndi anzanga ma scout oteteza nyama ku South Luangwa, mpaka minibasi yafika pa Chipata tikadali pa yomweyo. Piston ndi DI (direct impingement) ni njira ziwiri zimene mfuti imagwiritsira ntchito gasi wa chipolopolo podzikhokha yokha. Iwo ati mfuti ya piston imakankha maningi, umboni wawo ni AK-47 imene amanyamula tsiku ndi tsiku. Ine ndikuti ayi amwene, mukuimba mlandu piston pomwe wolakwa ni chipolopolo.

Onani, AK imawombera chipolopolo cha 7.62x39, mutu wa chipolopolo umalemera pafupifupi magalamu 8, pamene M4 kapena AR-15, mfuti ya DI, imawombera 5.56x45 ya magalamu 4 chabe. Manje ungayerekeze bwanji ziwirizi n'kunena kuti vuto ni piston? Ngati mufuna chilungamo ikani HK416 pambali pa M4, zonse 5.56, imodzi piston inayo DI, apo ndiye tikambe.

Zonse ziwiri zimapatutsa gasi pang'ono pa kabowo ka pa barrel kuti mfuti idzikhokhe yokha. Kusiyana kuli pa komwe gasiyo amapita. Pa DI, ija anapanga Eugene Stoner ku ArmaLite m'ma 1950, gasi amayenda m'kapaipi kowonda mpaka kulowa mu bolt carrier mwenimwenimo, chitsulo chija chimanyamula bolt n'kubwerera kumbuyo pokhokha mfuti, ndiye mphamvu yonse imabwerera mumzere umodzi ndi barrel, buffer (chitsulo cha pa spring kumbuyo kwa carrier) ndi phewa lako. Pa piston gasi amathera kutsogolo, amamenya chitsulo chili pamwamba pa barrel, chitsulocho n'kukankha carrier. AK ya Mikhail Kalashnikov ni long-stroke, piston ndi carrier zimayenda limodzi ulendo wonse, chitsulo cholemera kupita kumbuyo n'kubweranso, n'chifukwa chake AK imagwedezeka m'manja ngati chigayo. HK416 ndi FN FAL ni short-stroke, piston imangogogoda kamodzi basi.

Nditawombera zonse ziwiri za 5.56 pa range ku South Africa, kunena zoona phewa silinamve kusiyana kwakukulu. Chimene ndinamva ni mtundu wa kukankhako. DI imakankha mosalala, molunjika, diso silichoka pa target ndipo kachiwiri umawombera msanga. Piston imakhala ngati wina wakugogoda mwadzidzidzi, kamwa ya mfuti imadumphako pang'ono chifukwa chitsulo chikuyenda pamwamba osati pakati. Komanso ya piston imalemera kutsogolo, kulemerako kumameza kukankha kwina, koma yenda nayo tsiku lonse m'chigwa mu October dzuwa lili pa liwombo, mkono udzakuuza. Muzzle brake yabwino (kachitsulo ka pa kamwa ya mfuti kochepetsa kukankha) kapena buffer yolemererako zimasintha kukankha kuposa nkhani yonseyi ya piston ndi DI.

Pamene piston imandikopa ine ni pa ukhondo. DI imalavulira gasi wotentha ndi mwaye m'kati momwe muli bolt, mafuta amauma msanga, ukaphatikiza fumbi lathu la chilimwe uyenera kumaipukuta ndi kuthira mafuta pafupipafupi, ndipo ukaika suppressor yochepetsa phokoso gasi wina amakubwerera kumaso mpaka misozi. Piston mwaye wambiri umatsalira kutsogolo, bolt imakhala yozizirirako.

Ndiye pa kukankha kokha DI yapambana, koma pang'ono chabe. Kwa scout wogona m'tchire masabata awiri opanda tebulo lotsukirapo mfuti, ine ndingamupatse piston osaganiza kawiri.