Nkhokwe ya magazini ya DEUQUA ikuonetsa bwino m'mene bungweli linayambira

Munthu amene akufuna kudziwa chiyambi cha DEUQUA, bungwe la ku Germany la akatswiri ofufuza nyengo ya Quaternary (gawo laposachedwa kwambiri la mbiri ya dziko lapansi, pamene madzi oundana ankakuta madera aakulu mobwerezabwereza), angachite bwino kuyambira pa nkhokwe ya pa intaneti ya magazini yake, imene lero imatchedwa E&G Quaternary Science Journal ndipo imafalitsidwa ndi kampani ya Copernicus ya ku Göttingen. Kuwerenga n'kwaulere, ndipo nkhani iliyonse imatsitsika payokha ngati PDF, kuyambira m'buku loyamba la 1951, pamene magaziniyi inkadziwika ndi dzina loti Eiszeitalter und Gegenwart.

Bungweli linakhazikitsidwa ku Hannover mu 1948, patangopita zaka 3 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mizinda yambiri ya m'dzikolo ikadali mabwinja ndipo akatswiri ake atasiyana kale ndi anzawo a m'mayiko ena. Bungwe lalikulu la padziko lonse la akatswiri ofufuza nyengoyi, lotchedwa INQUA, limene linayamba ku Copenhagen mu 1928, linali litachita msonkhano wake ku Vienna mu 1936 ndipo silinakumanenso mpaka mu 1953 ku Italy. Amene anatsogolera ntchito yosonkhanitsanso akatswiri a ku Germany anali Paul Woldstedt, yemwenso anakhala mkonzi woyamba wa magaziniyi.

Chimene ndikuyamikira kwambiri n'chakuti nkhokweyi imamupatsa wowerenga mwayi woona yekha mafunso amene ankavutitsa anthuwa. Ku mapiri a Alps, Albrecht Penck ndi Eduard Brückner anali atagawa kale nyengo za madzi oundana m'magawo anayi, a Günz, Mindel, Riss ndi Würm, pamene kumpoto kwa Germany ankagwiritsa ntchito mayina a Elster, Saale ndi Weichsel, choncho ntchito yaikulu inali kupeza kuti gawo liti la kumwera likufanana ndi liti la kumpoto. Pofuna kuyankha funsoli, odziwa za miyala, odziwa za nthaka, ofufuza mungu wakale wokwiririka m'madambo ndi ofukula zida zamiyala za anthu akale analemba m'magazini imodzi, chinthu chimene chikusonyeza bwino cholinga cha bungweli kuposa chikalata china chilichonse. M'buku la 1952 muli nkhani ya Hugo Gross yofotokoza njira ya radiocarbon yodziwira zaka za zinthu zakale, imene Willard Libby anali atangoitulukira ku Chicago, ndipo n'zokondweretsa kuona m'mene bungwe laling'onoli linailandirira msanga.

Zovuta zilipo. Nkhani zambiri za m'zaka zoyambirirazo zili m'Chijeremani, moti amene sadziwa chinenerocho adzadalira mapu, zithunzi ndi chidule cha m'Chingelezi pamene chikupezeka. Komanso nkhokweyi ndi ya zofufuza, si mbiri yolembedwa mwadongosolo, kotero kuti wowerenga ayenera kulumikiza yekha zidutswa kuti aone m'mene bungweli linakulira.

Ndikuchenjezanso ophunzira kuti asatenge zonse za m'mabuku akalewa ngati zimene sayansi ikuvomereza lero. Mu 2009 akatswiri anagwirizana kuti nyengo ya Quaternary inayamba zaka 2.58 miliyoni zapitazo, ndipo tsopano zikudziwika kuti nyengo zozizira zinali zambiri kuposa zinayi. M'zaka zoyambirira za magaziniyi akatswiri ambiri ankakhulupiriranso kuti madzi akaundana ku Ulaya, kuno ku Africa kunkagwa mvula yochuluka, koma matope amene anakumbidwa pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005 anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali chilala choopsa chimene chinatsitsa nyanjayi ndi mamita mazanamazana. Wophunzira za nthaka ndi miyala ku Zomba awerenge mabuku oyambawa pamodzi ndi aposachedwa a m'nkhokwe yomweyo, amene ambiri ali m'Chingelezi.