Ndayesa Wix ndi Google Sites popanga webusayiti ya zithunzi zanga

Ine ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi ma graduation aku Chanco kuno ku Zomba, ndiye kasitomala aliyense amangoti titumizireni ma sampulo pa WhatsApp, bandulo kumangothera zomwezo mpaka ndinatopa. Mnzanga wina waku Matawale ndi amene anandiuza zopanga webusayiti.

Ndinayamba ndi Wix. Ma template ake (mapeji opangidwa kale oti ungosankhapo) ndi okongola heavy, umangokoka chithunzi nkuchiika pomwe ukufuna olo code usakuidziwa. Koma yaulere imabwera ndi kachidziwitso kawo pamwamba komanso adiresi imakhala yaitali, ya wixsite.com mkati, yovuta kumuuza munthu pakamwa. Kuti zichoke ufunika kulipira ndi khadi yaku banki, ndiye nkhani ya forex mukuidziwa kale inu.

Pano ndakhazikika pa Google Sites, yaulere, bola uli ndi Gmail basi. Zokongoletsa ndi zochepa eya, komanso pokonza pamafunika kompyuta, ndinachita kubwereka laputopu ya achimwene. Koma zithunzi ndinajambula ku Chawe ndi pa damu la Mulunguzi zija zikuoneka bho pa foni, nambala yanga ndinaiika pansi pake. Zithunzizo muzichepetse kaye size musanaziike, netiweki ikafooka zimatseguka mochedwa.