Konsati ya mkulu wa gitala wa ku Domwe: ndaionera kanayi

Loweruka lapitali nditagulitsa kachewere wanga pamsika wa Ulongwe ku Angonia, m'dziko la Mozambique, ndinapatukira kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni aja. Pa mametikali 50 anandiikira mu memory card konsati ya mkulu uja wa ku Domwe amene ambirife timamudziwira pa maukwati. Ndi ya ola limodzi ndi theka, ndipo pofika lero ndaionera kanayi.

Pa ukwati munthuyu timangomumvera m'phokoso, anthu akufupa, ana akuthamanga. Mu kanemayu ndi m'mene ndaonera manja ake bwinobwino. Chala chachikulu chimagunda nsambo zam'mwamba ngati ng'oma, pamene zala zinazo zikutola nyimbo ku nsambo zam'munsi, moti ukatsinzina ungalumbire kuti pali magitala awiri. Amayamba ndi nyimbo yofatsa ya kutchalitchi m'Chichewa, mawu ali pansipansi. Kenaka amalowa sungura ya ku Zimbabwe yothamanga ija, n'kutembenukira ku marrabenta ya ku Maputo akuimba Chipwitikizi, ndipo penapake amaponyamo Chinyungwe kuti a ku Tete ndi ku Moatize asadandaule. Zonsezi pa gitala imodzi yakale, yoperepeseka pamene pamakhudza mkono.

Pamene panandigwira mtima ndi chapakatikati. Akuimba nyimbo ya mayendedwe a ingoma yathu ya Angoni, nsambo imodzi inaduka, thwa! n'kumalendewera. Sanaime. Anangoyang'ana pansi kamodzi, n'kusuntha dzanja, nyimbo n'kupitirira pa nsambo zisanu, iye akupondaponda pansi ndi phazi ngati ali m'bwalo. Mayi wina wa duku lofiira anaimirira ndi nthungululu, holo yonse n'kumutsatira. Bambo anga, amene anavina ingoma pa unyamata wawo ndipo za m'foni sazisamala, anasendera pafupi n'kuti, "Mwanawe, tabwezera pamenepo." Tinabwezera katatu.

Zolakwika zilipo. Wojambula ankagwedeza kamera kwambiri, ndipo nthawi zina amasiya zala za woimba n'kumaonetsa anthu akumwa zakumwa kumbuyo. Ng'oma zachizungu zikuphimba mawu mu nyimbo ziwiri zoyambirira. Woyendetsa mwambo nayenso analankhula motalika pachiyambi, mphindi zisanu ndi ziwiri zathunthu, pamenepo ingodumphani.

Mukaiika, musamvere pa sipika ya foni, chifukwa kugunda kwa chala chachikulu kuja kumasowa. Ine ndinalumikiza ku wailesi ya pa sola, m'pamene ndinamva zonse, ngakhale kupuma kwake asanakweze mawu. Auzeninso anyamatawo akuyesereni kanemayo musanachoke, poti mnzanga wa ku Tsangano anapatsidwa yoduka, yopanda nyimbo yomaliza. Imeneyo amaimba yekha, oimba anzake atatsika, ndipo ndi yolira mayi ake.